Mizere Itatu pa Chikanda

Kabwata, Lusaka
4 Febuluwale 2024

Alongo anga a Hector,

Moni kwa inu ndi alamu anga kumeneko ku Katete. Kaya mvula yabwerako? Kuno dzuwa likuotcha ngati Okutobala, ndipo zala zangazi zayambanso kuuma m'mamawa. Kalata ino ndapatsira kondakitala wa basi monga mwa masiku onse, poti foni munaikana. Mumanamizira makutu, koma ine ndikudziwa kuti ndi liuma chabe la munthu amene anakalambira ku positi ofesi.

Nkhani ndi iyi. Tanya, mwana wa mng'ono wanga Annette, wasiya ntchito ku banki. Sanamuchotse ayi, wasiya yekha, mutu uli bwinobwino. Akuti akufuna aziphikira anthu pa maukwati ndi pa chilanga mulilo, mwambo wa Abemba uja umene aliyense mu Lusaka akuutengera tsopano, woti akuchikazi aphike zakudya zamitundumitundu n'kusenza kupita nazo kwa mkamwini. Mwana wa digiri, amene tinamuvinira mpaka miyendo kutupa, akasenze mapoto! Annette anachita kuchoka ku Chelstone kudzandiuza, mano onse ali pamtunda. Ndinamufunsa kuti, "Nanga penshoni?" Iye akuti, "Ba sisi, bana ba masiku ano sibayembekeza penshoni." Ndinangomuthirira tiyi.

Ine ndinataipa makalata zaka makumi atatu ndi chimodzi pa desiki imodzi. Ntchito ndi imeneyo, kulowa tsitsi lili lakuda, kutuluka ndi imvi ndi wotchi yapakhoma. Clive wanga akuponda momwemo. Chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi ali pa kampani ya inshuwalansi ija ya mu Cairo Road, ofesi yake pa nsanjika yachinayi. Lamulungu lililonse ndimamusitira malaya oyera asanu, ndipo akamatuluka m'mawa tayi ali pakhosi, azimayi a pa mafulati pano amasiya kusesa. Bambo ake akanakhala moyo bwenzi akuyenda chifuwa patsogolo.

Inu ndinu mutu wa banja. Mulembereni Annette amulangize mwana wake tisanayambe kuchita manyazi ku tchalitchi. Ndipo mukakumba mtedza musandiiwale.

Ndine mlongo wanu,
Beatrice


Katete
18 Febuluwale 2024

Mlongo wanga Amake Clive,

Kalata yako ndalandira, ndipo alamu ako akupereka moni. Mvula kulibe. Chimanga chikupsa chili chiimire, mtedza wokha ndiwo ukuyesako.

Wandipempha kuti ndidzudzule Tanya. Ndinakhaladi pansi ndi cholembera, koma dzanja linakana. Ndimuuze kuti atengere yani? Ine ndinadinda masitampa moyo wanga wonse, lero wolemba kalata m'dera lonse lino ndatsala ndekha, ndipo ngakhale ineyo ndimatumiza pa basi. Nanga iwe, makina ako otaipira ali kuti? Si aja unaikapo maluwa apulasitiki pabalaza? Tinagwira ntchito zabwino, sindikana, koma ntchitozo zinafa ife tili moyo. Ana awa akuona zimenezo.

Komanso usaiwale kuti kwathu kuno mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako. Tanya amakutchula amayi aakulu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nanga uyu si wa mnzako n'komwe, ndi wa mng'ono wako wa m'mimba imodzi ndi iwe.

Ndikukudziwa, Beatrice. Atate atamugulira Annette nsapato zofiira ku Chipata, iwe sunadye masiku awiri, ndipo nsapatozo tinakazipeza m'nkhokwe pansi pa chimanga. Unali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tsopano uli ndi imvi, usabwererenso ku nkhokwe.

Mtedza udzabwera ukauma. Umupatse moni mphwanga Clive.

Ndine,
Hector


Kabwata, Lusaka
14 Epulo 2024

Alongo anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndachedwa kuyankha dala. Za nsapato zofiira sindinenapo kanthu, kupatula kuti zinali zazikulu kwa iye, zinali saizi yanga, ndipo aliyense anaona.

Mwana wanu mumamuikira kumbuyo uja zikumuyendera. Wapeza nyumba ku Woodlands ya bwalo lalikulu, ndi galimoto yonyamulira zakudya yolembedwa m'mbali kuti Mapoto a Tanya. Annette masiku ano amabwera ku tchalitchi atakhala kutsogolo kwa galimotoyo, chitenje chatsopano sabata iliyonse, ndipo amatsika pang'onopang'ono kuti amene anali kumbuyo aonenso. Azimayi a Chigwirizano amene ankandifunsa za Clive tsopano funso lawo ndi limodzi: "Ba Beatrice, muli nayo nambala ya Tanya?" Mtima ukundipweteka, alongo, sindibisa. Ine ndinalera mwana m'njira yoongoka, koma mpando wakutsogolo wapita kwa amene mwana wake anathawa ntchito.

Dzulo ndiye zandifika pakhosi. Ndinali ku phwando la mkwatibwi ku Libala, ophika anali a Tanya. Atavundukula chikanda, chakudya chathu chija cha mizu yakutchire ndi nsinjiro, ndinaona mizere itatu ya foloko pamwamba pake. Mukuikumbukira mizere imeneyo, amayi athu ankailemba chikanda chisanaikidwe makala pa chivundikiro. Ndinati mwina zangochitika. Nditalawa, ndinachizindikira. Sichinali cha soda wa m'sitolo. Chinali cha chidulo cha makoko a mtedza, nsinjiro zake theka zokazinga theka zaziwisi. Chikanda changa, alongo! Chimene amayi anaphunzitsa ine ndekha, poti Annette ankathawa utsi.

Ndaphika chikanda chimenechi pa maliro ndi maukwati a mpingo zaka zonsezi, malipiro ake "Mulungu akudalitseni, ba Beatrice." Sindinaganizepo kuti ndi ntchito. Lero azimayi akunyambita zala n'kumatama mwana amene sanagwirepo mthiko m'khitchini mwanga. Anachiba bwanji sindikudziwa, koma waba. Gawo langa ndinalikulunga m'pepala, ndipo kunyumba ndinalidya lonse ndili wokwiya.

Koma Mulungu sataya wake. Ndili ndi nkhani yabwino. Malaya a Clive masiku ano akumabwera akununkha utsi wa makala ndi anyezi. Si utsi wa simbi yanga ayi, ngakhale magetsi akuvutawa andibwezera ku simbi yamakala, chifukwa ndimanunkhiza ndisanachape. Madzulo amafika atakhuta kale, ndipo sabata yatha anali ndi bala lakupsa padzanja. Ine ndine mayi, sindinamizidwa. Pali mkazi kwinakwake amene akumuphikira pa mbaula, iye n'kumathandiza kukupiza moto. Ndikupemphera akhale nesi kapena mphunzitsi. Konzani jekete, posachedwa mudzatsogolera nkhani ya ukwati, ndipo tidzaona ngati Annette adzakhalenso kutsogolo.

Mlongo wanu,
Beatrice


Woodlands, Lusaka
12 Meyi 2024

Amalume,

Moni, ndine Clive. Pepani Chinyanja changa ndi cha m'tauni, ndipo kalata sindinalembepo chichokereni ku sukulu. Ndalembera inu chifukwa amami amamva inu nokha.

Amalume, ku inshuwalansi ndinachokako mu Novembala. Mu ofesi yathu tinalimo anthu khumi ndi awiri olandira mafomu a ngozi. Manje munthu akagunda galimoto amangoijambula pa foni n'kutumiza, basi. Anatsala anthu awiri. Ine anati ndingakhale ngati ndivomera kuyankha mafoni a anthu okwiya tsiku lonse. Ndinakana. Kunena zoona, zaka zonse zija tayi inkandinyonga, ndinkangopirira chifukwa cha nkhope ya amami ndikamatuluka pakhomo.

Mapoto a Tanya ndi dzina chabe. Mlongo wanga Tanya ndiye wa foni, makasitomala ndi galimoto, koma wophika ndine. Ndinamupempha ndine kuti tiyambe limodzi. Kuphika ndinaphunzira kwa amami iwo osadziwa. Ndili mwana ankandithamangitsa kuti, "Choka apa, mwamuna sakhala pa mapoto, kawerenge." Ine ndinkatenga buku n'kukaima pa windo la khitchini. Buku sindinkaliona.

M'mawa uliwonse ndimamanga tayi, ndikwera minibasi ya m'tauni amami akuona, ndikatsika kutsogolo n'kukwera ya ku Woodlands. Malaya ndimapachika pa msomali pafupi ndi mbaula. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi koma ndikuzemba ngati mwana wa giredi seveni. Chimene ndikuopa n'chakuti adzaona ngati zala zawo zinapindikira pachabe pondiphunzitsa.

Pa 15 Juni tili ndi ntchito yaikulu kuposa zonse. Amayi Charlotte a ku Kabulonga, a mpingo umodzi ndi amami, akukwatitsa mwana wawo, ndipo atipatsa chilanga mulilo chonse, anthu mazana atatu. Zikayenda bwino dzina lathu lakhazikika. Amami adzakhalako. Ndikufuna amve kaye anthu akutama chakudya, kenako ndituluke ndi epuloni yanga ndiwauze kuti ndi manja awo omwe. Mwina pamenepo sadzachita nane manyazi.

Chonde musawauze. Muwafewetse mtima chabe, monga mumachitira.

Mphwanu,
Clive


Katete
20 Meyi 2024

Beatrice,

Moni. Nali thumba la mtedza, ndi lokhalo limene chilala chatisiyira. Kalata ino ndaiika m'kati, pamwamba penipeni, chifukwa kondakitala watsopanoyu sindikumukhulupirira. Pepala angataye, thumba sangataye.

Ndapemphedwa kusunga chinsinsi, ndipo moyo wanga wonse sindinatsegulepo kalata ya munthu. Koma mawu ako a mu Epulo andiopsa, ndikumva fungo la nkhokwe. Choncho ndikuswa lonjezo, mwanayo adzandikhululukira.

Mkazi kulibe, jekete sindikonza. Clive anachoka ku inshuwalansi chaka chatha. Manja amene akuphika kwa Tanya ndi ake. Mizere itatu ija sanabe munthu, ndi cholowa, chachoka kwa amayi kupita kwa iwe, kwa iwe kupita kwa mwana wako. Ukagenda mapoto a Tanya ugenda Clive.

Kwiya, lira, nditukwane ine ngati ufuna, koma pakamwa utseke mpaka pa 15 Juni. Akufuna adzakuuze yekha ku Kabulonga, anthu akumutama. Udzachite ngati wadabwa.

Hector


Kabwata, Lusaka
2 Juni 2024

Alongo anga,

Moni nonse. Thumba la mtedza linafika, zikomo kwambiri. Koma kalata bwanji? Kondakitala akuti simunamupatse pepala lililonse. Kapena mwandikwiyira chifukwa cha mwana wanu wokondedwa? Thumbalo sindinalimasule. Ndinalikankhira kunsi kwa bedi lili chimangire, chifukwa Annette akangomva kuti lafika adzabwera ndi beseni kupemphera mwana wake. Mtedza wa kwathu sukalowa m'mapoto akuba.

Ndipo tsopano uli ndi ntchito yake. Lachinayi titatuluka ku Chigwirizano ndinayenda limodzi ndi amayi Charlotte a ku Kabulonga kupita ku galimoto yawo. Anali kusimba za chilanga mulilo cha mwana wawo, Tanya uyu, Tanya uyo. Ine ndinangoti, "Ba Charlotte, ndi mwana wanga yemwe, sindinganene zambiri. Koma wophika wake uja anthu akumudandaula. Akuti ndi wauve, ndipo ku Libala ena anatsegula m'mimba." Sindinawonjezere kanthu. Mukudziwa kuti anthu a ku Kabulonga amaopa m'mimba kuposa Satana.

Lachisanu amayi Charlotte anamuimbira Tanya kuti ntchito ija yalephereka. Tiphika ndife azimayi a mpingo, monga zinkakhalira kale anthu asanayambe kugulitsa mwambo. Ine andipatsa chikanda, mapoto khumi. Amayi Charlotte anandigwira dzanja n'kunena kuti ndawapulumutsa. Lero ku tchalitchi Annette anabwera pa minibasi.

Mudzati ndalakwa. Mwina za m'mimbazo ndinakometsera, poti ine sindinamve munthu akudandaula. Koma kodi wakuba amamuchitira chilungamo? Ndagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba chiyambire Febuluwale.

Chokha chondidetsa nkhawa ndi Clive. Kuyambira Lachisanu sakudya, sakundiyang'ana kumaso. Ndikuganiza kuti wayambana ndi mkazi uja. Zilibe kanthu, mwamuna wa tayi sasowa mkazi.

Ndiyankheni,
Beatrice


Chelstone, Lusaka
6 Juni 2024

Alongo a Hector,

Moni. Sindine wolemba makalata, koma lero ndalemba. Akulu anga atipha. Anauza amayi Charlotte kuti wophika wa Tanya ndi wauve, ndipo nkhani yayenda pa mafoni a azimayi onse. Ena atatu abweza ntchito zawo. Mbaula zonse ku Woodlands zazima.

Clive akudziwa kuti ndi amayi ake, amayi Charlotte anatchula dzina. Tanya anafuna kupita ku Kabwata kukaulula zonse, iye anamuletsa. M'mawa akumangabe tayi, akubwera ku Woodlands n'kukhala pa kireti mpaka dzuwa kupendeka. Mwanayu akundimvetsa chisoni.

Ba sisi amaona galimoto ndi zitenje. Sadziwa kuti ine ndawachitira nsanje moyo wanga wonse. Amayi anawapatsa iwo manja, ine ndinapatsidwa nsapato. Pa maliro onse anthu amafunsa chikanda cha Beatrice, ine amandituma kutsuka mbale. Tanya wanga ngakhale dzira amalipsereza. Koma ine nsanje yanga ndinameza, sindinaikhuthulire pa mwana wa munthu.

Chitanipo kanthu.

Annette


Kabwata, Lusaka
17 Juni 2024

Alongo anga,

Moni ndikupatsani, koma mtendere ndilibe. Kakalata kanu kachiwiri, ka mawu awiri aja akuti "Masula thumba," ndakatenga ku siteshoni lero. Basi inali ku galaja sabata yonse. Thumbalo ndinali nditamasula kale.

Ndinalimasula Lachisanu m'mawa kuti ndiyambe kusinja. Envulopu inali pamwamba monga munanenera. Ndinaiwerenga chiimire, ndinaimaliza nditakhala pansi pa simenti. Milungu itatu yathunthu ndinagona pamwamba pa kalata imeneyo. Choipa chitsata mwini, alongo.

Ndinakwera minibasi ya ku Woodlands, kumene ndinalumbira kuti sindidzapondako. Kuseri kwa nyumba ndinapeza mbaula zisanu ndi imodzi zozizira, mapoto atavundikirika. Mwana wanga anali pa kireti, malaya oyera amene ndinasita ndekha, tayi ali pakhosi. Sanadzidzimuke.

"Mwabwela, amami," anatero.

Ndinati, "Bwanji sunandiuze?"

"Nenze kuyopa kuti muzamvela manyazi na ine. Manje mwauza Kabulonga yonse kuti manja yanga ni yadoti."

Sanakweze mawu, bola akanakalipa. Ndinafuna kunena kuti sindinkadziwa kuti ndi iye, koma ndinaona kuti mawuwo ndi onyansa kuposa bodza lija, ngati kuti kupha Tanya kunali kololedwa. Kenako, poti manyazi anali atandithera, ndinamuonetsa zala zanga. Ndinati, "Mawa ndili ndi mapoto khumi. Manja awa sangatembenuze ngakhale awiri."

Anayang'ana zalazo nthawi yaitali. Anamasula tayi, anaipinda bwinobwino n'kundipatsa. "Gwilani iyi, ni yanu," anatero, n'kuyamba kukweza mbaula m'galimoto. Tanya anatuluka, anagwada n'kundipatsa moni kuti amayi aakulu, ndipo anatiyendetsa mpaka ku Kabwata. Kugwada kumeneko kunandibaya kuposa kutukwana.

Tinaphikira pabwalo la mafulati, poyera. Azimayi aja ankasiya kusesa poona tayi anasiyanso kusesa poona epuloni. Ndinamuona mwana wanga akukazinga theka la mtedza, akusefa chidulo, akutembenuza chikanda ndi mthiko waukulu, thukuta lili kamukamu, akuimba chamumtima. Zaka zisanu ndi zinayi za ku Cairo Road sindinamumvepo akuimba. Amaphika kuposa ine, alongo. Ndipo Mulungu andikhululukire, ngakhale pamenepo kansanje kanandigwira. Poto loyamba litalimba anasalaza pamwamba n'kundipatsa foloko osandiyang'ana. Ndinalemba mizere itatu.

Loweruka m'mawa tinapita nazo ku Kabulonga. Azimayi anali atadzaza bwalo, akumanga mapoto m'zitenje, a ng'oma akuyesa ng'oma zawo. Amayi Charlotte anadula kachidutswa, analawa, n'kukuwa kuti, "Eya! Ichi ndiye chikanda, osati vija vadoti va kwa Tanya!" Nthungululu zinalira, ena anayamba kundivinira. Ndi chimene ndinkafuna kuyambira Febuluwale, ndipo sindinama, chinatsekemera. Nditatembenuka ndinaona Clive ali ndi poto lomaliza. Anamva. Analiika pansi bwinobwino n'kulunjika ku geti.

Ndikanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma ndinagwada pakati pa bwalo ndi maondo angawa. Ndinati, "Ba Charlotte, wophika chikanda ichi ndi uyo akutulukayo. Ndi mwana wanga Clive, ndipo ndiye wophika wa Tanya. Ku Libala palibe anatsegula m'mimba. Ndinanama ine, chifukwa cha nsanje ndi mng'ono wanga." Ng'oma zinaleka. Mayi wina anaseka, mnzake anamutsina. Nditadzutsa mutu geti linali litatsekeka, ndipo sindikudziwa ngati mwanayo anamva.

Kunyumba sanabwere. Anatuma Tanya kudzatenga zovala zake, kupatula malaya oyera. Ali ku Chelstone. Akuluakulu a Chigwirizano andiuza kuti ndisavale yunifomu miyezi itatu, ndipo ndavomera, ndi chilango choyenera. Koma chondilepheretsa kudya si yunifomu. Mwana wanga akugona kwa Annette, akudya za Annette, munthu wosadziwa ngakhale kuthira mchere. Ndinkalimbirana naye mpando wa m'galimoto, lero ndamupatsa mwana ndi manja anga.

Musandilembere za nkhokwe. Ndazimva.

Beatrice


Kabwata, Lusaka
14 Julaye 2024

Alongo anga,

Moni kwa inu ndi alamu. Kuno kukuzizira koopsa. Zikomo chifukwa cha kalata yanu yopanda mwambi ngakhale umodzi, ndikudziwa kuti munadzigwira.

Mbaula za ku Woodlands zayakanso. Amayi Charlotte anaimbira okha azimayi onse, ndipo nkhani ya mwamuna wophika chikanda yawakokera anthu ambiri kuposa kale. Zonsezi ndimangomva kwa ena. Mwezi wathunthu Lamulungu lililonse ndakhala ndikukoleza simbi mwachizolowezi, kenako n'kukumbukira kuti malaya asanu aja ali m'kabati osavalidwa, n'kuthira madzi pa makala.

Dzulo masana galimoto ija inaima pakhomo. Anali Clive yekha, ndi pulasitiki m'manja. Anaima pachitseko ngati mlendo. Anati, "Tanya ananiuza vamene munakamba ku Kabulonga." Ndinati ndi zoona. Anakanda m'mutu, n'kundipatsa pulasitikiyo. "Ku Chelstone sibaziba kuchisa, amami." Munali maepuloni ofunika kusita. Analowa, anadya, anati ndiwo zanga zachepa tsabola. Ndinamulekerera. Za kubwerera kunyumba sanatchule, ine sindinafunse, koma akuti adzawatenga yekha mawa m'mawa.

Lero nditabwera ku tchalitchi ndakoleza simbi. Maepuloniwo ndi asanu ndi imodzi. Asanu alembedwa Clive pachifuwa. Yachisanu ndi chimodzi, imene anaibisa pakati mochenjera, yalembedwa Tanya, munthu wopsereza dzira. Ndinaiika pambali n'kuiyang'ana mpaka makala atatsala pang'ono kuzima.

Pomaliza ndaisita nayonso, poti ndi mwana wanga. Koma sitachi ndathira a Clive okha.

Mlongo wanu,
Beatrice